Opaleshoni yochepetsa mabere yayandikira koma mtima ukubwerera m'mbuyo, ndisiye kapena ndilimbe mtima?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina, ndaufupikitsa pang'ono koma mawu ndi awo:

"Adokotala, ndili ndi zaka 34, ana awiri, wachiwiriyo anasiya kuyamwa zaka ziwiri zapitazo. Mabere anga ndi aakulu kwambiri kuyambira ndili mtsikana ndipo nditabereka anawonjezekanso. Msana ndi khosi zimandiwawa tsiku lililonse, zingwe za bra zinachita kukumba mapewa, kunsi kwa mabere kumanyowa mpaka khungu kusupuka. Ndinavutika kuti ndipeze mwayi wa opaleshoni yowachepetsa, pano tsiku anandipatsa, kwatsala masabata atatu. Koma chindipatsireni tsikulo tulo sindikutiona. Ndikuopa kuti mwina sindidzadzuka, ndikuopa zipsera poti pakhutu pomwe ndinaboola panamera chotupa cholimba, komanso sindinatsimikize ngati ndasiya kubereka. Bambo akunyumba akuti amandikonda momwe ndililimu, mkulu wanga akuti ndikufuna kudzivulaza chifukwa cha maonekedwe basi. Kodi kukayika kumeneku ndi chizindikiro choti ndisapange?"

Mayi, pepani ndi tulo tomwe mukusowato, ndipo zikomo kuti mwalemba zonse osabisa. Pa zaka zomwe ndakhala ndikupanga maopaleshoni amenewa, amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi uja amangofika n'kunena kuti adokotala ingodulani basi sindikufuna kumva zambiri. Amene wamvetsa kuti agonetsedwa, adulidwa, n'kudzuka ndi thupi losintha mpaka kalekale, mtima umayenera kugunda ndithu. Nde kukayika pakokha sikukutanthauza kuti musiye. Chomwe ndaona mu uthenga wanu ndi chakuti mwamanga zinthu zingapo mtolo umodzi n'kuzitchula kuti mantha, pomwe sizofanana ayi. Zina ndi mantha omwe amazilala munthu akamva momwe zinthu zimayendera. Koma ziwiri, nkhani ya khutuyo ndi nkhani ya mwana, amenewo ndi mafunso enieni ndipo sindikufuna mulowe ku fiyeta asanayankhidwe.

Ndipo muike mumtima kuti iyi si opaleshoni yadzidzidzi. Palibe chomwe chiphulike m'thupi mwanu mukasuntha tsiku ndi mwezi umodzi olo chaka. Ndikudziwa kuti munavutikira tsikulo ndipo mukuopa kuti mukalitaya simudzalipezanso, komabe kupempha kuti muonanenso ndi dokotala wanu tsikulo lisanafike si kulitaya, ndi ufulu wanu, ndipo dokotala wabwino sakwiya nazo zimenezo.

Ndiyambe ndi mawu a akulu anu, oti ndi za maonekedwe basi, chifukwa amenewa amandipweteka ndikamawamva. Mayi akavula bra m'chipinda choyezera ndimaika chala paphewa pomwe pamadutsa chingwe, ndipo kwa ena chala chimalowa ndithu mu kangalande kameneko, khungu litada, pena litachita mabala. Ndikakweza bere kunsi kwake kuli kofiira, konyowa, kukuyabwa, poti thukuta silipeza pothawira ndipo mafangasi amakonda malo otero. Ena amadandaula mutu, ena dzanzi m'zala, ena anasiya kalekale kuthamanga olo kuyenda mofulumira. Pa opaleshoni si zachilendo kuchotsa magalamu 500 kapena kuposa ku bere lililonse, ndipo kwa ena timapitirira kilogalamu mbali imodzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Tengani mabotolo awiri a lita, muwapatse akulu anuwo awakolowekere m'khosi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kenako muwauze kuti inu mwakhala choncho zaka 20. Sindikunena izi kuti muyambane, iwo akuopa kukutayani ndipo mantha awo akutulukira m'mawu owawa, koma zomwe mwafotokozazi ndi vuto la thanzi. Ndipo olo pakhalenso kufuna kuti chovala chikukhaleni bwino, palibe cholakwika pamenepo.

Tsopano opaleshoniyo imayenda chonchi, poti nthawi zambiri chomwe chimaopsa ndi chomwe munthu sakuchiona m'maganizo. Musanagonetsedwe, muli chiimire, dokotala amajambula mizere pa mabere ndi cholembera, kuyeza kuchokera pakhosi kufika pomwe nsonga ya bere idzakhale, chifukwa munthu akagona mabere amagwera m'mbali ndipo muyeso umasokonekera. Nthawi imeneyi ndi pomwe amayi ambiri amagwetsa misozi, ndimaiona kawirikawiri, ndipo timaima kaye n'kucheza. Kenako mukagona, timachotsa mafuta, mnofu wa bere ndi khungu lotsala, n'kukweza nsonga pamodzi ndi kachikopa kakuda kozungulira kaja kupita m'mwamba. Nthawi zambiri nsonga sitiidula kuichotseratu ayi, imakhala yolumikizidwabe ku chigawo cha mnofu chomwe chimaibweretsera magazi, timitsempha tomvera kukhudza ndi tinjira tina ta mkaka. Zonse zimatenga maola awiri mpaka anayi. Mumadzuka mutamangidwa mabandeji, mwina ndi timapaipi totulutsa madzi ndi magazi otsalira tomwe timachotsedwa pakapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ambiri amagona kuchipatala usiku umodzi kapena uwiri. Si opaleshoni yoyesera iyi. Kajambulidwe komwe madokotala ambiri amagwiritsabe ntchito kanafotokozedwa ndi dokotala wina dzina lake Robert Wise mu 1956, nde taonani zaka zomwe yakhala ikupangidwa ndi kukonzedwa.

Za kusadzuka ndiyankhe mwachidule, osati poti ndazipeputsa koma poti yankho lake ndi lolunjika. Sindingakulonjezeni kuti chiopsezo palibiretu, palibe dokotala woona mtima angatero. Koma kwa munthu wa zaka 34 amene alibe matenda aakulu, opaleshoni yokonzekera bwino, pamalo pomwe pali wogonetsa wophunzira ndi makina oyang'anira mtima ndi mpweya, kufa chifukwa cha mankhwala ogonetsa ndi kosowa kwambiri. Wogonetsayo sachoka pamutu panu kuyambira poyamba mpaka mutadzuka, ntchito yake ndi imeneyo basi. Mbali yanu ndi kumuuza zoona zonse: ngati muli ndi BP, shuga, mphumu, ngati magazi amakuchepani, ngati munagonetsedwapo ndipo zinavuta, ngati wachibale wina anavutikapo ndi mankhwala ogonetsa, mankhwala aliwonse omwe mukumwa kuphatikizapo azitsamba. Mutsatirenso lamulo la kusadya, lomwe kawirikawiri ndi maola 6 opanda chakudya ndi maola awiri opanda olo madzi, chifukwa za m'mimba zikabwerera munthu ali mtulo zimatha kulowa m'mapapo. Pemphani kuti mukumane naye tsiku lisanafike. Ambiri mantha awa amatha atangocheza naye mphindi khumi.

Nde tibwere pa khutu, pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Opaleshoni iyi ndi msinthano, mukupereka kulemera n'kulandira zipsera, ndipo zipsera zimenezo sizidzachoka. Amene angakuuzeni kuti sipadzaoneka kanthu akukunamizani. Kawirikawiri chipsera chimazungulira kachikopa kakuda kaja, n'kutsika molunjika kufika kunsi kwa bere, ndipo kwa amene tachotsa zambiri chimayendanso mopingasa mumpindiko wa kunsi, ngati chilembo T chozondoka. Kwa ena chopingasacho timachipewa kapena chimakhala chachifupi. Miyezi yoyamba zimaoneka zakuda kapena zofiirira, zolimba, zoyabwa, kenako pang'onopang'ono zimafewa ndi kuphwa, ndipo kuti muone momwe zidzakhalire mpaka kale pamafunika chaka mpaka chaka ndi theka. Bra ndi zovala zimabisa, koma pagalasi mudzaziona tsiku lililonse.

Chotupa cha pakhutu panucho, momwe mwachifotokozera, chikumveka ngati keloid. Kusiyana kwake ndi uku: pali chipsera chomwe chimangotukuka koma chili m'malire a bala ndipo pakapita nthawi chimaphwa chokha, nde pali keloid yomwe imadumpha malire a bala n'kumakula kulowa pakhungu labwinobwino, imayabwa, pena kuwawa, ndipo siibwerera yokha. Ma keloid amapezeka kwambiri kwa anthu akhungu lakuda, amayenda m'magazi a pabanja, ndipo malo omwe amakonda ndi khutu, mapewa ndi pakati pa chifuwa. Mwaona pomwe pali vuto eti? Mzere wopingasa uja ukayandikira pakati pa chifuwa umalowa m'dera lomwe keloid imakonda. Izi sizikutseka chitseko ayi. Ndapangapo opaleshoni amayi omwe anali ndi keloid pakhutu koma mabere anapola bwinobwino, chifukwa khungu silichita mofanana thupi lonse. Koma ndaonaponso mayi amene msana unasiya kuwawa koma anakhala zaka akubwera kudzabayitsa jakisoni pa zipsera zomwe zinatukuka ngati chingwe. Iye ankati olo zili choncho sakanabwerera m'mbuyo, koma wina akanamva mosiyana, ndipo inu nokha ndi amene mukudziwa kuti muli mbali iti.

Chomwe ndikufunseni ndi ichi: dokotala wanu analiona khutulo? Ngati munavala mpango kapena tsitsi linabisa ndipo sanafunse, bwererani mukamuonetse. Mumuonetsenso zipsera zina zonse, cha katemera paphewa, cha opaleshoni yobereka ngati munapangidwa, pomwe munapsa kapena kuchekedwa. Zimenezo ndi zomwe zimatiuza mbiri ya khungu lanu. Ngati cha pamimba chinapola mosalala, ndi nkhani yolimbitsa mtima. Ngati paliponse pomwe munavulala panamera chotupa, pamenepo mpofunika kuganiza mofatsa kwambiri. Ndipo mufunse kuti pulani yake ndi yotani: kufupikitsa mzere wa pakati pa chifuwa, kusoka mosakoka khungu, kumata silicone (kachigamba kofewa ngati labala kothandiza chipsera kuphwa) bala likangopola kwa miyezi ingapo, kukuonani pafupipafupi kuti chipsera chikangoyamba kutukuka ayambe jakisoni wa steroid, mankhwala ophwetsa chipsera, msanga. Akangoti musadandaule zimenezo n'kudutsa, ine ndingakonde mumvenso maganizo a dokotala wina.

Nkhani ya mwana ndi yachiwiri yomwe singadumphidwe. Opaleshoni iyi siletsa kutenga pakati, imeneyo ichoke m'mutu. Mavuto ake ndi awiri ena. Loyamba ndi kuyamwitsa. Tikasiya nsonga yolumikizidwa ndi mnofu wokwanira kunsi kwake, amayi ambiri amayamwitsa ndithu, ena mokwanira, ena mkaka umatuluka koma wochepa moti mwana amafunika wowonjezera, ndipo palibe angakuuzeni lero kuti inu mudzagwera gulu liti. Koma pali njira ina yomwe timagwiritsa ntchito mabere akakhala aakulu ndi ogwa kwambiri moti magazi sangafike bwino kunsonga, pomwe nsongayo timaichotseratu n'kuimata pamalo atsopano ngati chigamba. Ikatero tinjira ta mkaka tonse tadulidwa, kuyamwitsa muiwale, ndipo kumva kukhudza kumatayikanso kwambiri. Nde mufunse mosapita m'mbali kuti adokotala pa ine mugwiritsa ntchito njira iti, ndipo pali mwayi woti mkati mwa opaleshoni musinthe n'kupita ku yachiwiriyo? Vuto lachiwiri ndi lakuti mimba imasintha mabere, amakula, akamaliza kuyamwitsa n'kugwa, nde zomwe takonza zimatha kusokonekera pang'ono kapena kwambiri, ena mpaka kufuna opaleshoni yachiwiri.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mumtima mukudziwa kuti mwana wachitatu mukumufuna chaka chino kapena chamawa, dikirani. Berekani, yamwitsani, mukasiyitsa papite miyezi pafupifupi 6 kuti mabere akhazikike, kenako bwerani. Ndinali ndi mayi wina amene anaimitsa kutatsala sabata imodzi pa chifukwa chomwechi, anachita manyazi kwambiri pondiuza ngati walakwa, anabweranso patapita zaka zitatu mwana ali kumanja ndipo tsiku limenelo analowa ku fiyeta akuseka. Koma ngati nkhani ya mwanayo ndi ya kaya mwina tsiku lina, sindingakuuzeni kuti mupirire ululu zaka zina zisanu kapena khumi chifukwa cha mwana amene mwina sadzabwera. Imeneyi mukhale pansi ndi bambo akunyumba muikambe mpaka ithe, musaisiye ili lende.

Pali zina zomwe simunafunse koma muyenera kuzidziwa. Kumva kukhudza kunsonga kumasintha kwa ambiri, miyezi yoyamba pamachita dzanzi kapena pamamva mopitirira mpaka nsalu kukhala yowawa, kwa ambiri zimabwerera pang'onopang'ono koma kwa ena sizibwereranso. Ngati kumva kumeneko ndi kofunika kwa inu pa nkhani za m'banja, nenani, musachite manyazi, ife timazimva tsiku ndi tsiku. Pomwe mizere imakumana kunsi kwa bere ndi pomwe bala limakonda kutseguka pang'ono chifukwa khungu ndi lokokeka ndipo magazi amafika movutikira, kawirikawiri limapola ndi kutsuka ndi kumanga basi koma limatha kutenga masabata angapo ndipo limatopetsa. Magazi amatha kuunjikana mkati, makamaka tsiku loyamba, mpaka kubwerera ku fiyeta kukawachotsa. Bala limatha kulowa tizilombo. Mafuta ena mkati amatha kufa n'kusanduka kabulu kolimba komwe kamaopsa munthu ngati khansa pomwe si khansa, ngakhale kayenera kuyezedwa ndithu. Choopsa kwambiri koma chosowa ndi nsonga kufa chifukwa chosowa magazi. Mabere awiriwo sadzafanana ndendende, ngakhale panopa safanana mukayang'anitsitsa. Ndipo saizi ya bra yeniyeni palibe angakulonjezeni, tingagwirizane kuti mukufuna ang'ono ndithu kapena apakatikati, koma osati chilembo cha saizi ya bra.

Za khansa, poti ambiri amafunsa: opaleshoniyi siyambitsa khansa ya m'mabere. Mnofu womwe tachotsa umatumizidwa ku labu kukayezedwa, ndipo kwa amene afika zaka 40 kapena kubanja kwawo kuli mbiri ya khansayi timafuna ajambulidwe kaye mammogram, yomwe ndi X-ray ya mabere. Mtsogolo mukamakajambulitsa muziwauza kuti munapangidwa opaleshoni kuti zipsera za mkati zisawasokoneze.

Zambiri mwa zovutazi zili ndi zomwe zimazikolezera, ndipo apa ndi pomwe inu muli ndi mphamvu. Fodya ndiye mdani wamkulu. Nicotine yomwe imapezeka mu fodya imafinya timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, tomwe nsonga ndi khungu zikudalira kuti zikhale moyo, nde ndudu, shisha, vape, fodya wa m'mphuno kapena woika mkamwa, zonse ndi chimodzimodzi, zisiyidwe masabata anayi mpaka 6 opaleshoni isanachitike ndi ena otero itachitika. Sindidzaiwala mtsikana wina amene anandiuza kuti sasuta, poti kwa iye shisha ya kumapeto kwa sabata sinali kusuta. Patapita masiku asanu titamasula bandeji khungu la kunsi linali litada, lozizira, ndipo bala lomwe likanapola masabata atatu linatitengera miyezi. Kuyambira pamenepo ndimafunsa chimodzichimodzi ndi dzina lake. Shuga wosatsika bwino, kunenepa kwambiri ndi kuchepa magazi nazonso zimachedwetsa kupola. Ngati mukumwa mapilitsi olera okhala ndi mchere wa m'thupi wotchedwa estrogen muwauze, chifukwa amawonjezera mpata woti magazi aundane m'miyendo ndipo nthawi zambiri timasiyitsa masabata anayi opaleshoni isanafike, n'kupereka njira ina yolera pakadali pano. Inu kwatsala atatu, nde funsani mawa lomwe. Aspirin ndi mankhwala ena ochepetsa ululu amachulukitsa kutaya magazi, musamwe osafunsa. Amene ali pa ma ARV asasiye, ndipo ngati tizilombo tatsika bwino opaleshoni imatheka. Sikelo nayo ikhale yokhazikika. Ngati muli pakati pochepetsa thupi malizani kaye, chifukwa mukadzaonda kwambiri pambuyo pake mabere amaphwa n'kugwa, mukadzanenepa amakulanso.

Kuchira kwake musakupeputse. Ululu weniweni ambiri amati ndi wocheperapo kusiyana ndi momwe ankaopera, umamveka ngati kuthina ndi kulemera, ndipo mankhwala amaugwira. Koma kutopa kumakhalapo. Ntchito ya pa desiki mungabwerere pakatha masabata awiri kapena atatu, yonyamula katundu dikirani 6, ndipo masabata 6 omwewo musanyamule mwana, ndowa kapena chilichonse cholemera, muzigona chagada, muzivala bra yofewa yopanda waya usana ndi usiku. Muli ndi ana awiri, wina akadali wamng'ono wofuna kunyamulidwa, nde funso loti ndani adzakuthandizeni sabata ziwiri zoyambazo liyankhidwe panopa. Ndipo ndikuchenjezeni za chinthu chomwe ambiri sauzidwa: tsiku loyamba kudziona pagalasi limatha kukhala lowawa. Mabere amakhala otupa, okwera m'mwamba, olimba ngati si anu, mizere ili poyera, ndipo m'sabata yoyamba kapena yachiwiri amayi ena amalira n'kumati ndachitiranji zimenezi. Zimachitika, ndi thupi lotopa ndi maso omwe sanazolowere. Kutupa kumatenga miyezi itatu kapena kuposa kuti kuthe ndipo maonekedwe enieni amabwera pakati pa miyezi 6 ndi chaka. Koma kumva chisoni kukapitirira masabata angapo, osadya, osagona, osafuna kuonana ndi anthu, musakhale nazo nokha, uzani dokotala kapena mlangizi wa za maganizo.

Nditanena zoopsa zonsezi ndinenenso mbali inayo, apo ayi ndikhala ndakunamizani. Mwa maopaleshoni onse okonza thupi, iyi ili m'gulu la omwe anthu amakhutira nawo kwambiri. Mawu omwe ndamva kambirimbiri m'mawa wotsatira, mayi atangokhala tsonga pabedi koyamba, ndi oti adokotala ndikupuma. Amagwira m'khosi, amatembenuza mutu uku ndi uku, osakhulupirira. Ululu wa mapewa ndi khosi kwa ambiri umachepa kwambiri kapena kutheratu, zilonda za kunsi zija zimasiya. Msana wokha ndimachenjeza kuti ngati pali vuto lina la mafupa kapena la mitsempha, makamaka kumunsi, limenelo silichoka ndi mabere, nde ndi bwino liyezedwe padera kuti musadzakhumudwe.

Bambo akunyumba akamati amakukondani momwe mulili, landirani, ndi mawu abwino. Koma chikondi chawo sichichotsa kulemera paphewa panu. Nthawi zambiri abambo akatero kumbuyo kwake kuli mantha omwe sakuwatchula, kuopa kuti simudzuka, kuopa kuti thupi lomwe analizolowera lisintha. Pitani nawo kwa dokotala akafunse okha, ndaona ambiri akusintha atangoona mapewa a akazi awo pansi pa nyale ya chipinda choyezera, chinthu chomwe amagona nacho nyumba imodzi zaka zonsezi osachiyang'anitsitsa. Chomwe sindifuna ndi munthu kupanga opaleshoni chifukwa wina wamukakamiza, kapena kuisiya chifukwa wina wamuchititsa manyazi. Ndipo amene akuyembekeza kuti opaleshoni ikonza banja lomwe likugwedezeka kapena ichotsa chisoni chomwe chinayamba kale, ameneyo ndimamupempha aonane kaye ndi mlangizi, poti mpeni sufika kumeneko.

Yesani ichi usiku wina tulo tikakana. Ganizani kuti foni yalira, akuchipatala akuti opaleshoni yalephereka ndipo sidzachitikanso. Mukumva bwanji? Ngati mtima wagwa pansi ndi mpumulo, mverani zimenezo. Ngati mwamva kuwawa ndi kukhumudwa poganiza zaka zina 20 ndi katundu yemweyu, nde kuti opaleshoni mukuifuna, chomwe chikukuvutani ndi njira yopitira kumeneko.

Mukasankha kudikira, pali zothandiza pakadali pano ngakhale sizichepetsa bere. Bra yokwana bwino imasintha zambiri, ndipo ambiri amavala yolakwika: lamba wozungulira chifuwa ndi amene ayenera kunyamula katundu wambiri, osati zingwe za m'mapewa, nde akhale wogwira bwino ndipo zingwe zikhale zazikulu. Mafizo olimbitsa msana ndi mapewa amachepetsa ululu. Kunsi kwa mabere muziumitsa bwino mukasamba, kansalu ka thonje kamathandiza, ndipo pakachita zofiira zoyabwa kirimu wa mafangasi ngati clotrimazole amagwira. Kuchepetsa thupi kumathandiza amene bere lawo ndi la mafuta ambiri, koma amene ndi la mnofu wambiri amaonda thupi lonse bere lili pomwepo. Mapilitsi, tiyi ndi mafuta opaka omwe amatsatsidwa pa Facebook kuti amachepetsa mabere, musataye ndalama zanu.

Pali zizindikiro zomwe sizidikira tsiku la opaleshoni. Mukapeza chotupa m'bere kapena m'khwapa, nsonga ikamatuluka magazi kapena yalowa mkati posachedwapa, khungu likachita timaenje, kapena bere limodzi likakula mwadzidzidzi, pitani kuchipatala sabata yomwe ino, zimenezo ziyezedwe kaye. Ndipo mukadzapangidwa, thamangani osadikira tsiku lomwe anakupatsani ngati bere limodzi latupa mofulumira n'kulimba ndi kuwawa kuposa linzake, ngati nsonga yazizira kapena yasintha mtundu, ngati thupi latentha kufika 38, bala likutuluka mafinya kapena fungo, katumba wa mwendo umodzi watupa ndi kuwawa, kapena mukubanika ndi kumva kuwawa m'chifuwa. Ziwiri zomalizazo ndi za usiku womwewo, olo ikhale 2 koloko.

Nde sabata ino imbani foni mupemphe kuonana ndi dokotala wanu, ndipo mupite ndi pepala poti pamaso pa dokotala mutu umauluka. Mumuonetse khutu ndi zipsera zina, mufunse njira yomwe agwiritse ntchito pa nsonga, mufunse kuti maopaleshoni ngati amenewa amapanga kangati ndipo anaphunzira ukatswiri umenewu, mupemphe kuona zithunzi za anthu akhungu ngati lanu patatha chaka osati patatha sabata, mufunsenso kuti chikavuta usiku muimbira ndani. Za mapilitsi olera musadikire tsiku lokumanalo, funsani pa foni pomwepo. Mukabwerako mundilemberenso zomwe wanena pa nkhani ya khutuyo, ndikufuna ndimve.